Mbale ya Pamwala

Sendezani zikunizo moto uyake, pakuti nkhani iyi ndi ya kozizira.

Felesiya sanapite kumapiri a ku Lesotho kukaona chipale chofewa ayi. Anapita kukalondera mwamuna wake. Ndanena poyambirira kuti musamuyese mayi wokonda zoyendayenda. Iye ndi Binwelo Khoviwa anali atakhala ku Joni zaka zingapo, mwamuna akuwotcherera zitsulo, mkazi akuluka tsitsi pakashedi pafupi ndi depoti. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tamanda, anatsala ndi agogo ake ku Dedza. Binwelo anali munthu wa kuntchito ndi kunyumba basi. Ndiye tsiku lina m'mwezi wa Julaye anangofika n'kunena kuti anzake a kuntchito achita hayala minibasi, akupita kumapiri kukaona chipale.

"Inu bambo a Tamanda, kuona chipale? Chisanu cha m'nyumba muno chakucheperani?"

"Mwana ndiye wapempha chithunzi," anatero Binwelo. "Akuti kusukulu aphunzira za chipale, ndiye akufuna aone bambo ake ataima pomwepo."

Mawuwo anali osalala kwambiri, ndipo Felesiya sankakhulupirira mawu osalala. Munthu woluka tsitsi amamva zambiri. Tsiku lonse mitu ya amayi ili pamiyendo pake, pakamwa pawo pakutuluka za amuna amene anapita kumsonkhano wa kuntchito n'kukapezeka ali ndi banja lina kuseri kwa malire. Choncho anangoti, "Nanenso ndipita." Binwelo anavomera msanga, ndipo kuvomera msangako nakonso kunamukayikitsa.

Ananyamuka m'bandakucha, n'kudutsa pamalire dzuwa litakwera. Dalaivala anali bambo wa komweko, dzina lake Moeketsi, wolankhula Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi, zomwe Felesiya ankazimva bwino. Msewu unayamba kukhotakhota, mitengo inatha, ndipo kenako mapiri onse anaoneka ali mbee ngati munthu wayanika ufa. M'minibasi munadzaza phokoso, aliyense foni ili pawindo. Binwelo yekha ndiye anali chete, akuyang'ana nsonga za mapiri mwaulemu. Iye kwawo kunali ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo analeredwa ndi agogo ake ocheka matabwa m'phirimo. Kwa iye phiri silinali malo ochitira chipongwe.

Pamalo ena pokhota panaima munthu. Anafunda bulangete lotuwa lokhala ndi chigamba chofiira m'munsi, kumutu atavala chipewa chobisa nkhope yonse, ndodo ili m'manja. Sanaimitse galimoto. Anangoima, ndipo Binwelo anamukwezera dzanja.

"Mukumudziwa?" anafunsa Felesiya.

"Ndi ulemu chabe, mayi a Tamanda. Kwa eni umapereka moni."

Minibasi inakwera nthawi yaitali, ikubuula. Atatsala pang'ono kufika pamwamba, Felesiya anamuonanso munthu uja ataima m'mbali mwa msewu, chigamba chofiira chomwe chija. Galimoto ikuyenda, iye ali wapansi, anawapitirira pati? Anagwedeza mayi amene anakhala naye pafupi, koma mayiyo anati sanaone munthu. A Moeketsi anaseka n'kunena kuti abusa onse a kuno amavala mofanana. Felesiya anasunga nkhaniyo mumtima. Kwa iye munthuyo anali kazembe, wotumidwa kudzaona ngati mlendo wafika yekha kapena ndi mkazi wake.

Pamwamba anatsika. Kuzizira kwake chiperoni cha kwathu ndi masewera. Mphepo inkaluma makutu, mano akugundana okha. Anthu anayamba kugendana ndi chipale ngati ana. Felesiya anamujambula mwamuna wake ataima m'chipale chofika m'mawondo, akumwetulira, mphuno ikuchucha. Kenako Binwelo anati akukataya madzi kuseri kwa miyala, ndipo anapita.

Anachedwa. Felesiya anaima potero maso ali kumiyala, ndipo ali chiimire anamva mabelu. Anali mabelu ang'onoang'ono, aja amamangirira nkhosa m'khosi, akulira chapatali, kenako chapafupi, kenako zii. Anafunsa dalaivala kuti nkhosazo zili kuti.

"Nkhosa?" anatero a Moeketsi. "Nyengo ino kuno kulibe nkhosa, mayi. Anazitsitsira kumunsi kalekale." Ulendo uno sanaseke.

Binwelo anatulukira akupukuta pakamwa. Milomo inali noninoni ndi mafuta, ndipo ankanunkhira utsi ndi nyama ya nkhosa. Munthu amene ankanjenjemera posachedwapa tsopano anali atamasula zipi ya jekete, dzanja limodzi lilibe golovesi.

"Mwadya chiyani?"

"Palibe."

"Golovesi lina lili kuti?"

Anayang'ana dzanja lakelo ngati la munthu wina. "Kaya lagwera pati."

Felesiya anamva mtima ukutentha ngakhale kunali kozizira chotero. Paja amati mwamuna ndi pamimba. Ndani amene amadyetsa mwamuna wa mwini kuseri kwa miyala, m'dziko lachilendo, ngati si munthu amene anazolowera kumudyetsa?

Asanafunsenso, nkhungu inagwa. Inangobwera mwadzidzidzi kuchokera kumunsi, n'kumeza minibasi, msewu ndi miyala yomwe. A Moeketsi anati sangatsetsereke phiri osaona kutsogolo, ndiye onse akadikire m'nyumba ya mayi wina amene amagulitsa tiyi ndi buledi kwa alendo. Mayiyo dzina lake anali Mamosa, ndipo nyumba yake inali kanyumba kozungulira ka miyala, kofolera ndi udzu, kali kokhakokha.

Pakhomo panagona galu wamkulu wokalamba. Anauwa aliyense, mpaka amuna akuluakulu kubisalirana. Koma ataona Binwelo anasiya. Anadzuka movutikira, n'kumudzera akukwawa ndi mimba, akulira pang'onopang'ono, n'kuyamba kumunyambita dzanja lopanda golovesi lija. Felesiya anangoti mumtima, chabwino, galu ndiye sanama.

Chitseko chinakanira. Mnzawo wina anakankha, koma sichinasunthe. Binwelo anafika, n'kuchinyamula pang'ono m'mwamba, n'kuchiponda m'munsi ndi phazi, ndipo chinatseguka ngati chimamudziwa. Atalowa sanadikire kupatsidwa malo. Analunjika pa kampando kachikopa kamene kanali kuseri kwa mbaula, anatambasula dzanja m'mbuyo osayang'ana, n'kupachula chikho chimene chinali pamsomali mumdima.

Mamosa anali atagwira ketulo. Sanali nkhalamba. Anali mayi wamsinkhu woposa Felesiya pang'ono, wamtali, wa nkhope yosaseka. Ataona Binwelo pampando paja ndi chikho chija, anaimika ketulo m'malere, tiyi akutayikira pansi. Anamuyang'anitsitsa mosaphethira. Kenako anathira tiyi m'chikho cha Binwelo poyamba, osafunsa za shuga, n'kutuluka panja mofulumira.

Felesiya anakhala pabenchi manja atapinda. Anali ndi manyazi, anali ndi ukali, koma choposa zonse anali ndi chisoni, chifukwa mwamunayo ankamukonda. Anawerenga m'mutu masabata onse amene Binwelo ankati akugwira ovataimu. Ndiye ovataimu yake ndi imeneyi, ya pamwamba pa phiri. Anzake a Binwelo nawo anali atasiya nthabwala, akumwa tiyi maso ali pansi. Felesiya anaona ngati onsewo akudziwa, iye yekha ndiye chitsiru cha paulendo.

Mamosa anabwerera chipale chili m'mutu. M'dzanja limodzi anagwira mbale yachitsulo, mwinamo golovesi lakuda. Felesiya analidziwa, chifukwa analigula yekha. M'mbalemo munali supuni yokha. Analankhula ndi a Moeketsi m'chilankhulo chawo, mofulumira, mawu akudukaduka. Dalaivalayo anavula chipewa.

Apa Felesiya anaimirira. "Bambo, ndiuzeni zoona, ine si mwana. Mwamuna wanga amabwera kuno kangati?"

"Sanabwerepo, mayi. Ine msewu uno ndi wanga, ndikanamudziwa."

"Nanga galuyo? Nanga chitsekocho?"

A Moeketsi anafotokoza motsitsa mawu kuti Mamosa anali ndi mwamuna, mbusa. Chaka china chipale chinagwa msanga, nkhosa zina zinasochera, ndipo bamboyo anatuluka kukazifuna. Sanabwerere, ngakhale mtembo wake sunapezeke. Kuyambira pamenepo, nyengo yozizira ikafika, mayiyo amaphika n'kukasiya mbale pamwala wina kuseri uko, kuti mwamunayo akamadutsa asagone ndi njala. Madzulo amakaitenga chakudya chitauma gwa, osakhudzidwa ngakhale ndi khwangwala.

"Lero wapeza mbale ili mbee," anatero dalaivala. "Ndipo supuni yaikidwa chovundikira, mopingasa pambale. Akuti mwamuna wake ndiye ankaika choncho akakhuta."

Felesiya anatembenukira kwa Binwelo. Munthuyo supuni ankadana nayo, ngakhale mpunga ankadya ndi manja.

"Bambo a Tamanda, munadya chakudya cha pamwala?"

Binwelo anayankha maso ali pamoto, mawu akutuluka mochedwa ngati munthu wa tulo. "Chinali chotentha. Agogo ankati paphiri ukapeza chakudya chokonzedwa, ndiye kuti eni phiri akulandira. Umadya uli chete. Sufunsa, sutengako, suitana mnzako. Ukaitana mnzako njira imakusowa. Mukanakonda ndikuitaneni, tisowe tonse, mwana atsale yekha?"

"Limenelo ndi phiri la kwanu," anatero Felesiya. "Lino ndi la eni."

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Koma mnzathuyu kusafunsako ndiye linali lamulo limene anakula nalo, ndipo analisunga bwinobwino, pamalo polakwika.

Binwelo anamwa tiyi yense, n'kupachika chikho pamsomali paja. Kenako anatembenukira kwa Mamosa n'kunena mawu ochepa. Sichinali Chichewa, sichinali Chilomwe, sichinali Chizulu. Mayiyo anagwira pakamwa. A Moeketsi anabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma. Kunja mabelu aja anayambanso, tsopano ali pakhomo penipeni, ndipo galu anaima.

Binwelo ananyamuka, anatenga ndodo imene inali pamwamba pa chitseko, n'kutuluka.

Dziwani kuti kumeneko nyengo yozizira dzuwa silichedwa kulowa. Nthawi imene kwathu ana amakhala akusewerabe pabwalo, kumeneko kunali kutayamba kale kuchita mdima. Felesiya anapempha amuna aja kuti amugwire mnzawo. Onse anangoyang'anana. Wina anati nsapato zake n'zoterera, wina anati ayambe apemphera. Amuna a m'minibasi, pogendana ndi chipale anali akatswiri. Felesiya anamanga chitenje pamwamba pa jekete n'kutuluka yekha, ndipo Mamosa anali kale kutsogolo.

Anayenda motsogozana, galu patsogolo, Binwelo pambuyo pake, amayi awiri akutsatira. Binwelo ankayenda mayendedwe osakhala ake, otakataka, akuponda pamiyala yobisika m'chipale ngati akuiona. Felesiya ankagwa n'kudzuka. Atayesa kuthamanga kuti amugwire, Mamosa anamugwira pamkono mwamphamvu n'kupukusa mutu. Felesiya anamuyang'ana m'maso ndipo sanamukhulupirire. Kodi mayiyu akufuna kuonetsedwa pamene pagona mwamuna wake, kapena akufuna mwamuna wamoyo? Nanga m'chakudya muja munali nyama yokha? Mabelu ankalira uku ndi uku, pafupi kwambiri moti munthu ukanayembekeza kugundidwa ndi nkhosa m'miyendo, koma m'chipale munalibe mapazi a chiweto. Ndipo kangapo konse Felesiya anaona ngati kutsogolo kwa galu kuli winanso, wamtali, amene nkhungu inkamutsegulira njira.

Anafika pamene miyala ikuluikulu iwiri inatsamirana, n'kusiya mpata wopapatiza pansi pake. Kuchokera patali sungauone. Galu anagona pakhomo pa mpatawo, mutu pamiyendo. Binwelo anawerama n'kulowa.

Felesiya anayatsa tochi ya pafoni. M'katimo chipale sichinkafika. Kukhoma kunali chinthu chopindika, chofunda bulangete lotuwa limene linali litadyeka, ndipo m'munsi mwake munali chigamba chimene kale chinali chofiira. Zimene zinali pansi pa bulangetelo sanafune kuziona bwino, ndipo nane sindizinena. Binwelo anaika ndodo pansi mosamala, anagona pambali pake, anapinda miyendo mofanana ndi mnzakeyo, n'kutseka maso. Nkhope yake inali ya munthu amene wafika kwawo atatopa.

Mamosa anagwada. Analira mopanda phokoso, akusisita bulangete lakale lija. Felesiya anamumvera chisoni, pakuti umasiye wopanda manda ndi wowawa. Koma kenako anaona mayiyo akuvula bulangete lake lomwe, ndipo sanafunditse mafupa. Anafunditsa Binwelo. Analipinda bwinobwino m'mapewa, n'kulilowetsa kumapazi, monga mkazi amachitira ndi mwamuna wake.

"Ayi," anatero Felesiya. "Wanu ndi uyo. Uyu ndi wanga."

Anakwawira m'katimo n'kumugwedeza. Thupi linali lozizira ngati mtsuko.

"Bambo a Tamanda, dzukani. Bambo a Tamanda, tiyeni kunyumba."

Palibe chinachitika. Mpweya wake unkatuluka patalipatali. Anamuitananso, anamutsina, anamukumbutsa za mwana, za sukulu yake, za nyumba imene ankamanga ku Dedza. Zonsezo zinkangogwera pansi. Mabelu anali atasiya, ndipo m'mpatamo munali bata loipa, ngati pali wina amene akumvetsera.

Felesiya analeredwa mwamwambo. Chilowereni m'banja anali asanatchulepo dzina la mwamuna wake pamaso pake, ngakhale pokangana. Koma apa anaona kuti bambo a Tamanda sakumva, ndipo anagwira makutu onse awiri a mwamunayo, n'kuika pakamwa pake pafupi.

"Binwelo. Iwe Binwelo, mwana wa a Khoviwa, dzuka."

Maso anatseguka. Munthuyo anakoka mpweya ngati wovuuka m'madzi, ndipo nthawi yomweyo anayamba kunjenjemera, mano akugundana. "Felesiya, tili kuti? Ndikuzizidwa."

Felesiya anakankhira bulangete la mwini kumbali, n'kumukoka mwamuna wake ndi kolala mpaka panja. Chapatali kunkaoneka kuwala. A Moeketsi anali atachita manyazi, ndipo ankabwera ndi tochi pamodzi ndi amuna awiri. Mamosa sanalimbane nawo. Anakhala pakhomo pa mpata paja pambali pa galu wake, n'kumuyang'ana Felesiya mopanda mkwiyo. Ananena mawu amodzi okha.

"Akuti chiyani?" anafunsa Felesiya.

Dalaivala anazengereza. "Akuti aliyense watsala ndi gawo lake."

Nkhungu inali itayamba kuchoka, ndipo anatsetsereka phiri pang'onopang'ono. Binwelo anafunda majekete awiri, ndipo atadutsa malire anayamba kubwerera mwakale. Anadya mbatata yootcha imene Felesiya ananyamula, ndi manja, n'kupemphanso ina. Anzake onse ankawadziwa mayina. Anakumbuka kuti Lolemba kuli geti yoti akamalize kuwotcherera. Za kuseri kwa miyala ankakumbuka mbale yofuka nthunzi basi. Felesiya anatsamira paphewa pake, misozi ikutsika. Anali wokondwa, ndipo anali ndi manyazi kuti munthu wosalakwa anamuganizira zoipa ulendo wonse.

"Mundikhululukire," anatero. "Tikafika pa netiweki timutumizire Tamanda chithunzi chake chija."

Binwelo anamwetulira. "Tamanda ndi ndani?"

Felesiya anaseka, kuyesa nthabwala. Kenako anayang'ana nkhope ya mwamuna wake ndipo anasiya kuseka. Munthuyo ankadikira yankho moona mtima.

Anayesa zonse. Kuchipatala anamupima mutu, sanapeze kanthu. Abusa a kutchalitchi anamupempherera, anasala kudya. Felesiya ankamuonetsa zithunzi, ankamuimbira mwanayo pafoni, ndipo Binwelo ankalankhula naye mwaulemu ngati mwana wa mnzake wa kuntchito. Sanakane kuti ndi wake. Ankati, "Ngati mukutero inu, ndi zoona," ndipo zofunika kusukulu ankatumiza osanyinyirika. Koma m'mawa mwake nkhaniyo inkafunika kuiyambanso. Munthu akamuitana kuti bambo a Tamanda sankacheuka, moti Felesiya anazolowera kumutchula dzina, amayi anzake n'kumamunena kuti Joni yamuchotsa ulemu. Chikhulupiriro chake chinali chimodzi, kuti magazi sasochera, akadzamuona mwanayo maso ndi maso zidzabwerera.

Mu Disembala anapita kumudzi. Basi inawatsitsa pamsewu, ndipo anayenda kanjira ka m'munda katundu ali pamutu, Binwelo ali patsogolo. Tamanda anali atadikira pansi pa mtengo wa mango chiyambire m'mawa, atavala diresi la kutchalitchi. Atawaona anataya zonse, n'kuyamba kuthamanga manja atatambasula, akufuula kuti ababa, ababa.

Felesiya anaima. Binwelo anamuona mwanayo akubwera, ndipo anamwetulira mokoma mtima. Kenako anapatuka n'kuima m'mphepete mwa chimanga kuti amupatse njira, n'kucheuka kuti aone bambo amene mwanayo ankamuthamangira.